Momwe tinayambira bizinesi ya ma sola kuno kumudzi

Anthu amandifunsa kuti mayi, mumalimbikiranji ma sola pomwe anzanu akugulitsa kaunjika n'kumagwira ndalama tsiku lomwelo? Nkhani yake inayambira pa koloboyi. Mwana wanga wamkazi akukonzekera mayeso a Sitandade 8 ankawerengera koloboyi, m'mawa kudzuka mphuno zili bii ndi mwaye, ndiye tsiku lina anagona akuwerenga, kope kupsa, mphasa kupsa, mwayi wake bambo ake anamva fungo. Kuno kwathu kupitirira Mitundu mawaya a ESCOM amathera pa trading centre, foni kukatchajitsa mpaka upalase njinga.

Ndinabwereka ndalama ku banki m'khonde n'kukaoda nyali zochepa mtauni, ndinasankha zotchipa poganiza kuti ndachenjera. Eee, zinandivula. Batire kumatha anthu asanadye nsima yamadzulo, mwezi usanathe azimayi ali pakhomo nyali zili m'manja. Ndinabweza ndalama za aliyense ngakhale zinandiwawa, chifukwa kumudzi ukanamiza munthu mmodzi mawa pachitsime aliyense wamva. Pano sindigwira katundu wopanda walanti, olo atchipe bwanji.

Koma chomwe chinandiphunzitsa kwambiri ndi kalipiridwe. Munthu wakumudzi sikuti safuna kulipira ayi, kungoti ndalama yake ili ndi nyengo. January ndi February musamufunse kanthu, ufa watha, fizi ikufunika, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Akayamba kugulitsa soya, mtedza kapena fodya amabwera yekha osamutuma. Ndiye timagwirizana kuti azipereka pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, miyezi yanjala apume, akakolola aponye zambiri. Ena amabweretsa ndowa ya mtedza, ndimalandira, nanga mtedzawo si ndalama?

November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mitengo yooda inakwera ngati yalumidwa ndi njuchi, bambo akunyumba akuti tikweze kwa onse, ine ndinakana, amene anayamba kale kulipira anamaliza pamtengo womwe tinapangana. Tinakhala masiku angapo tikuyankhulana mokoka kunyumba kuno.

Phindu lake si loti ungagulire galimoto. Lina timagulira nyali zobwereketsa ana a Sitandade 8 ndi Fomu 4 nthawi ya mayeso, lina timalipira anyamata awiri omwe amakwera padenga kuika mapanelo. Akaitanidwa kuti sola yafa, kawirikawiri amakapeza ndi fumbi chabe kapena zitosi za nkhunda, kupukuta ndi kansanza konyowa basi yayaka.

Sabata yatha gogo wina wamaliza ngongole yake, anabwera ndi ndalama atamanga pansonga ya chitenje. Akuti usiku wina anaona nankalizi akuyenda pakhoma pafupi ndi pomwe amagona adzukulu, anamupha ndi patapata. Pano akufuna babu lachiwiri la kukhitchini, tapangana kuti ayambe mu May.