Humber ya agogo, sabata yachitatu: mabelingi

Loweruka ndinamasula habu (chitsulo cha pakati pa tayala) yakumbuyo ya njinga ya agogoyi, ija imalira kuti kwerr kwerr ndikamatsika chitunda. Mkatimo munalibenso girizi. Munali phala lakuda losakanikirana ndi mchenga, ndipo mbali ya tcheni linali lofiirira ndi dzimbiri. Madzi analowamo kalekale, mwina nthawi ija agogo ankawoloka nayo dambo popita kuchigayo.

Timipira tachitsulo ta mabelingi ndinapeza 9 mbali iliyonse, ta kota inchi. Nditatitsuka m'parafini, tinayi tinali titathima, tili ndi timabowo ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Ndagula 18 tatsopano. Kusakaniza takale ndi tatsopano ayi, chifukwa takale tinaperepeseka, ndiye katundu yense amasenzedwa ndi tatsopanoto.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa makoni, tizitsulo tomangidwa pa ekiselo tomwe timapanikiza timipira m'habu. Yakumanzere ili ndi kamzere konyezimira, kosalala, pomwe timipira timadutsa. Kumeneko n'kutha kwabwinobwino. Yakumanja ndinayendetsa nsonga ya bolopeni pakamzereko, ndipo inakodwa malo atatu. Chitsulo chinabenthuka.

Apa dzimbiri ndisalinamizire lonse, mlandu wina ndi wanga. Chaka chatha tayala linkagwedera, ine n'kumanga koni ndi sipanala mpaka gwa, n'kumadzitama kuti ndakonza. Kampira kamagunda koni pa kadontho kochepetsetsa, ndiye ukamanga kwambiri kadonthoko kamapanikizika nthawi iliyonse tayala likazungulira. Chitsulo chimayamba ming'alu chamkati, kenako n'kusupuka, ndipo tizibenthuto timipira timatipondaponda n'kuboola malo ena. Mwayi wake kapu ya m'habu, kambale komwe timipira timakhalamo, sinakhudzidwe. Koni ndi yotchipa, koma kapu ikanatha bwenzi ndikuluka masipoko pa habu ina.

Pobwezeretsa ndinapaka girizi wambiri, timipira n'kumatirira tokha. Kumanga kwake ndinabwereza kasanu, chifukwa ukangolimbitsa nati yakunja koni nayo imasuntha pang'ono. Pano tayala silikugwedera, ndipo ndikalisiya valavu imadzitsikira yokha pansi.

Chatsala ndi chiwongolero. Chikafika pakati chimakodwa kuti tcha, ngati chalowa m'kadzenje. Ndikuganiza kuti ndikapezamo timaenje totalikirana mofanana ndi timipira, poti mabelingi a pamenepo sazungulira kwenikweni, amangonjenjemera pamalo amodzi mumsewu wa mabampu mpaka girizi kuthawa. Nati yake yakana sipanala yanga, ndiye ndaithira oyilo igone naye mpaka Loweruka.