Lachiwiri usiku: tiulusi ta bambo

Mtima ukukana kukhazikika, ndiye ndingolemba, mwina tulo tibwera.

Masana ndinadzera kwa makolo ku Ndirande. Ndinapeza bambo pakhonde, phazi lili pamakina, malaya oyera a yunifomu ali mulu pambali poti sukulu zatsala pang'ono kutsegulira. Tili mkati mocheza ndinaona akutsina nsalu ndi zala ziwiri, kenako n'kukutumula dzanja. Pansalupo panali poyera mbee. Posakhalitsa anatsinanso.

"Bambo, mukutola chiyani?"

"Aa mayi, tiulusi takuda iti. Ndikati nditole, tasuntha."

Poyamba ndinaseka, chifukwa tinthu timeneti ndimatidziwa bwino. Ineyo ndili nato kuyambira kusekondale: kamodzi kopindika ngati nyongolotsi, kena kadontho chabe, timayandama ndikayang'ana kumwamba kapena pakompyuta. Adokotala amene anandiyeza magalasi anandifotokozera bwinobwino. M'kati mwa diso muli madzi okhuthala ngati choyera cha dzira laliwisi, ndipo m'madzimo muli timinyewa topyapyala kwambiri. Tikaunjikana timachita mthunzi pa retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso komwe kamalandira kuwala, ndipo mthunziwo ndi umene munthu amauona. N'chifukwa chake ukatitsatira ndi diso timathawa, ukaima timatsetsereka pang'onopang'ono. Ife osaona patali timatiyamba msanga. Ena amatiyamba akapitirira zaka 50, madzi aja akayamba kusungunuka n'kumatuka kumbuyo kwa diso. Kawirikawiri palibe vuto, ubongo umangozolowera.

Koma ndinafunsa kuti tayamba liti, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Akuti Lamlungu. Osati kamodzi kapena tiwiri ayi, tambirimbiri nthawi imodzi, diso lamanzere lokha, ngati wina wawaza mwaye. Amayi ali kukhitchini anaponyapo lawo: "Auzeninso za mphenzi zija." Kani usiku akatembenuza mutu akumaona kung'anima m'mbali mwa diso lomwelo, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe.

Zimenezo n'zimene adokotala aja ananena kuti ndikadzaziona ndisadzadikire. Madzi aja akamamatuka nthawi zina amakoka retina, ndipo kung'animako ndi kukokako. Ikakokedwa kwambiri imang'ambika. Mwa anthu 10 amene tinthuti tawabwerera mwadzidzidzi chonchi, pafupifupi mmodzi amapezeka kuti yang'ambikadi. Pong'ambika pakapezeka msanga amapamata ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Pakasiyidwa, madzi amalowa kuseri, retina n'kuyamba kusendeka, mthunzi wakuda n'kuyamba kutseka kuchokera m'mbali. Ukafika pakati, ngakhale opaleshoni sibweza zonse.

Ndinawauza zonsezi. Anamvetsera, mwaulemu ndithu, akulowetsa ulusi pasingano. Kenako:

"Koma sizikupweteka."

Mawu amenewa ndi amene andisowetsa mtendere mpaka pano. Ndinati bambo, retina simva ululu, ingathe kusendeka yonse inu osamva kanthu. Anati munthu sapita kuchipatala ndi diso loyera, losatupa, losatuluka manthongo, akakamuseka. Ndinati sakakusekani. Anati nanga malaya awa asoka ndani, eni ake analipira kale theka. Ndinati tsiku limodzi lokha. Anati tsiku limodzi la telala mwezi uno si tsiku wamba, komanso anamva kuti kumeneko amadontheza mankhwala oti munthu osaonanso bwino. Apa sananame. Mankhwalawo amakulitsa mwana wa diso kuti adokotala aone mpaka kumbuyo, amagwira pakatha mphindi 20 kapena 30, ndipo kwa maola 4 mpaka 6 zapafupi zimaoneka mbuu, dzuwa limathobwa. Kusoka tsiku limenelo n'kosatheka. Koma popanda zimenezo palibe angaone pong'ambika, ngakhale atawalitsa tochi yotani.

Amayi anatuluka ndi kabotolo komwe anagula kwa mnyamata wina woyenda ndi chikwama mumsika, akuti kamatsuka maso. Sindinafune kukangana nawo, anagula chifukwa cha chikondi. Ndinangoti amayi, zili m'katimo dontho silifikako. Mayi wina woyandikana nawo akuti anawauza kuti ndi nyongolotsi, amwe mankhwala a njoka za m'mimba. Wina anati ndi ng'ala. Ng'ala imachititsa chifunga pang'onopang'ono, siyandama, sing'anima. Aliyense pamzerewu ndi dokotala wa maso.

Ndipo chikundiwawa china n'chakuti bambo ali ndi shuga. Amamwa mapiritsi akakumbukira. Shuga imawononga timitsempha ta retina, tina timatha kudontha magazi m'madzi aja, ndipo munthu amaona mwaye womwewu. Ndiye kaya ndi kung'ambika kaya ndi magazi, njira ndi imodzi yomweyo. Chipatala cha maso cha Lions chili pa Queens pompa, minibasi ziwiri basi. Anthu amachoka kumidzi yakutali kupita ku Nkhoma chifukwa cha maso, ife tili nacho pakhomo.

Ndinakwiya, ndisabise. Osati kukalipa, sindingawakalipire, koma mkwiyo wa m'mimba uja woti ukuyankhula ndi munthu amene anakuphunzitsa kusamala zinthu. Makina awo amawathira mafuta Loweruka lililonse. Lamba akangoyamba kulira amausintha asanaduke. Ndinafuna kunena zimenezo koma ndinameza, akanati ndayamba mwano.

Pobwerera m'minibasi ndinkangoyang'ana kunja, tanga tija tikuyandama monga mwa masiku onse, ndipo ndinadzipeza ndikutiwerenga ngati tachuluka. Sitinachuluke. Mnzanga wa kuntchito amaona zina, mizere yokhotakhota yonyezimira m'maso onse awiri, imatha isanakwane ola, kenako mutu waching'alang'ala. Ndinalakalaka za bambo zikanakhala zimenezo. Koma zawo ndi diso limodzi, ndipo mutu suwapweteka.

Chomwe ndinapambana n'chaching'ono. Ndinawapempha kuti m'mawa uliwonse azitseka diso lamanja ndi chikhatho, ayang'ane khoma, aone ngati m'mbali mwayamba kuda. Anavomera, mwina pofuna kuti ndizipita. Ndinati mukangoona mthunzi, ngakhale pakati pa usiku, muimbe. Koma kudikira mthunzi ndiye kuchedwa komwe ndikukuopa.

Ndatumizira achimwene uthenga pa WhatsApp ku Johannesburg. Iwo akayankhula bambo amamva, ngakhale atanena zomwezo ndanena ine, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Uthenga wafika, sanauwerenge, mwina ali pantchito ya usiku. Ndaganizanso zopeza telala wina woti awagwirire malaya aja Lachinayi, ndimulipire ine, kungoti bambo salola munthu kukhudza kolala yawo. Mawa ndipempha kuti ndiweruke msanga. Kaya ndikangofika ndi takisi pakhomo osawauza, kaya zimenezo zingowaumitsa mtima.