Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Makamera a malemu malume

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ntchito inandithera, nditatsala ndi katoni ya makamera asanu akale omwe malemu malume anandisiyira. Onse anali a filimu. Mayi akunyumba atatopa n'kundiona ndikuwapukuta fumbi, anati, "Inu, mmalo momangowasisita tsiku ndi tsiku, bwanji osawaika pa okushoni ya pa intaneti?"

Ndinatsegula akaunti pa eBay. Kamera yoyamba ndinaigulitsa mopusa, ndipo palibe amene ndingamuloze chala. Zithunzi ndinajambula ziwiri zokha, usiku, pansi pa babu. Mutu wa malonda umalola zilembo 80, ine ndinangolembapo kuti kamera yabwino kwambiri, osadziwa kuti ogula amasaka ndi dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Ndani angalembe mawu akuti "yabwino" posaka? Ndinasankha kuti okushoniyo itenge masiku 7, ndipo poti ndinaiyambitsa pakati pa usiku tulo titandithawa, inatsekanso pakati pa usiku. Anapikisana anthu awiri basi.

Koma chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'china. Pagalasi la kutsogolo panali kachipsera kakang'ono ngati tsitsi. Ndinakaona, ndipo pojambula ndinapendeketsa kamerayo kuti kasaoneke. Wogula atailandira anakaona tsiku lomwelo. Kamera inabwerera, ndalama ndinabweza, yotumizira inapita pachabe. Pamwamba pa izo anandilembera ndemanga yoipa, ndipo inali ndemanga yokhayo pa dzina langa. Aliyense wofuna kudziwa kuti wogulitsayu ndi wotani ankakumana ndi imeneyo.

Ndinakhala sabata zitatu osakhudza katoni ija. M'masiku amenewo ndinawerenga za chiyambi cha eBay. Pierre Omidyar anaiyambitsa mu 1995, ikutchedwa AuctionWeb, ndipo china mwa zinthu zoyambirira kugulitsidwa chinali kacholozera ka leza kakufa, pa madola 14.83. Omidyar anadabwa mpaka anamufunsa wogulayo ngati akudziwa kuti kanthuko sikagwira ntchito. Ankadziwa, ndipo ankakafuna choncho. Ndinaseka ndekha. Munthu anagulitsa chakufa atanena kuti n'chakufa, ine yamoyo inandibwerera chifukwa chobisa kachipsera.

Yachiwiri inali Pentax K1000, ndipo inali ndi mavuto kuposa yoyamba. Mita yoyezera kuwala inali itafa, ndipo m'mphepete mwa galasi munali nkhungu. Ndinaijambula masana pafupi ndi zenera, mbali zonse, ndi kutsegula kumbuyo komwe. Nkhunguyo ndinaiunika ndi tochi kuti ioneke bwino pachithunzi. M'mawu ofotokoza ndinayamba ndi zovutazo, kenako ndinalemba kuti shata, kachitseko kotseguka ndi kutseka pojambula, ikugwira, popeza kamera imeneyi imafuna batire pa mita yokha.

Ndisanaike mtengo ndinayang'ana makamera ofanana nayo omwe anali atagulidwa kale. Mitengo ya omwe akungodikira ogula ndi maloto a eni ake chabe. Ndinailongedza ndi kuiyeza pasikelo ndisanalembe ndalama yotumizira, chifukwa gawo lomwe eBay imadula limawerengedwa pa ndalama yonse, kuphatikiza yotumizirayo. Mtengo woyambira ndinauika wotsika mochititsa mantha, ndipo ndinakonza zoti itseke Lamlungu madzulo, anthu ali m'nyumba mafoni ali m'manja.

Masiku asanu ndi limodzi mtengo unangoyenda ngati kamba. Anthu oiyang'anira ankachuluka, koma oika mtengo ndi ochepa. Ndinafuna kuichotsa. Mayi akunyumba anandilanda foni n'kunena kuti, "Mwayamba kale kunjenjemera? Isiyeni."

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti ogula ozolowera sadzionetsa msanga. Wina amalemba mwachinsinsi ndalama yomwe sangapitirire, kompyuta n'kumamukwezera pang'onopang'ono akapikisana naye. Ena amadikira masekondi omaliza kuti mnzawo asapeze mpata wobwezera. Lamlungu lija tinakhala awiri pampando umodzi, maso pafoni. Kutatsala mphindi imodzi, zii. Kutatsala masekondi khumi, nambala inalumpha. Inalumphanso. Pomwe ndimati ndiwerenge bwino inali itasinthanso, kenako nthawi inatha. Kamera ya mita yakufa inapita pa mtengo woposa kawiri wa yoyamba ija.

Ndinaitumiza m'mawa mwake, n'kumupatsa wogula nambala yolondolera katundu. Patatha masiku angapo ndemanga inabwera, yaifupi, yakuti katundu ali ndendende monga ndinafotokozera. Inakhala pamwamba pa yoipa ija.

M'katoni munatsala makamera atatu, osawerengera yobwezedwa ija. Yachitatu inawinidwa ndi munthu amene sanalipire, ndipo za ameneyo ndikuuzani m'gawo likubwerali.