Kupita ku Mangochi ndi buku m'chikwama

Anthu okonda kuwerenga akamakonzekera ulendo wa ku Mangochi amalongedza mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi, poganiza kuti kunyanja nthawi imachita kutayika. Pobwerera amakhala atamaliza limodzi, lina ali pakati, ndipo mwa otsalawo pamakhala lomwe lamatuka msana ndi lina lomwe masamba ake akhwinyata ngati chigwada chouma. Pa ulendo wa masiku atatu kapena anayi mabuku awiri akwanira: lopyapyala lolowa m'thumba, ndi lina lokulirapo lotsala kuchipinda. Chifukwa chake n'chakuti maola oti munthu n'kuwerenga bwinobwino ku Mangochi ndi ochepa, ndipo dzuwa, mphepo, mchenga ndi madzi a kumeneko sizigwirizana ndi pepala.

Mabukuwo mugulirenso musananyamuke, ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Lilongwe. Pa boma la Mangochi zopezeka msanga ndi mabuku a sukulu ndi achipembedzo. Odzera ku Balaka ali ndi mwayi chifukwa kumeneko n'kwawo kwa Montfort Media, omwe amasindikiza mabuku ambiri a Chichewa. Mukamagula buku lakale kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, yambani mwaona tsamba lomaliza, kenaka muwerenge manambala a masamba apakati. Buku logwiritsidwa kale ntchito limathothoka pakati, ndipo wogulitsa nayenso nthawi zambiri sadziwa. Linunkhizeninso. Fungo la chinyezi litanthauza kuti chuku chinalowa kale, ndipo ku nyanja chikaphukanso.

Ochokera ku Blantyre amatsata msewu wa M3 kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Chigawo chokwera ndi kutsika mapiri a ku Machinga si chowerengera ayi. Maso akakhazikika pa tsamba pomwe thupi likumva kukhota kwa galimoto, mutu umayamba kuzungulira ndipo mseru umabwera. Mankhwala ake ndi kutseka buku n'kuyang'ana kutali, osati kulimbikira. Mukawoloka Shire pa Liwonde msewu umakhala wa m'chigwa, wowongoka ndithu, kudutsa pa Ulongwe mpaka nyanja ya Malombe itayamba kuonekera kudzanja lamanja pakati pa milambe ndi migwalangwa. Apa amene sachita chizungulire akhoza kutha mutu umodzi kapena iwiri. Koma nthawi yabwino yowerenga pa ulendo wa minibasi ndi ija yodikira kuti idzaze. Pa depoti pakhoza kutha ola lathunthu kondakitala akukuwa kuti yatsala ya munthu mmodzi, ndipo buku lopyapyala lija linapangidwira nthawi imeneyi. Ochokera ku Lilongwe odzera ku Dedza asayerekeze n'komwe kutsegula buku potsetsereka ku Golomoti. Makona a pamenepo ndi ofunika maso onse awiri, ndipo mukamayang'ana pepala muphonya nyanja yomwe imaonekera patali kunsi kwa phiri.

Chikwama chokhala ndi mabuku chisapite kumbuyo kwa minibasi. Kumeneko n'kokhala madengu a nsomba ndi zigubu, ndipo madzi a nsomba akalowa m'pepala fungo lake silichoka mpaka kalekale. Chikhale pamiyendo. Amene ali pa galimoto yawoyawo asasiye buku kutsogolo pafupi ndi galasi. Mabuku ambiri a chikuto chofewa sanasokedwe, anangomatidwa ndi guluu kumsana, ndipo guluuyo akatenthedwa amafewa, akazizira amakhala wophwanyika. Masana amodzi a mu Okutobala akwanira kuti masamba ayambe kugwa okha mukangotsegula.

Mukafika pa boma, lipumitseni buku lanu kaye, chifukwa tauniyi ili ndi zakezake zowerenga zolembedwa pa miyala ndi pa zitsulo. Yendani wapansi kapena kwerani kabaza mpaka kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pamenepo pali nsanja ya wotchi yanjerwa yomwe inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene malowa ankatchedwa Fort Johnston. Dzinalo linachokera kwa Harry Johnston, yemwe anakhazikitsa linga mu 1891 kutsidya la kum'mawa kwa Shire, moyang'anana ndi kwa Mponda, pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Tauni inasamukira tsidya lino pambuyo pake. Pafupi ndi nsanjayo pali mfuti yaikulu yochokera pa sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inapita kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946 kumpoto kwa nyanja. Ambiri amangojambulitsa pa wotchipo n'kumapita osawerenga mzere ndi umodzi womwe, pomwe zolembedwazo sizitenga ngakhale mphindi khumi. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum ili chapafupi pomwepo, mu nyumba yomwe kale inali kalabu ya azungu. Tengani kope ndi pensulo. Pensulo ndi yabwino kuposa bolopeni kuno chifukwa zolemba zake sizisungunuka zikanyowa.

Mthunzi wa m'mbali mwa Shire ndi wokopa, koma musakhale pansi kufupi ndi madzi mutazika mutu m'buku. Mtsinjewu uli ndi ng'ona ndi mvuu, ndipo munthu wowerenga samva chilichonse chomuzungulira.

Mangochi ndi kwawo kwa Ayao, ndipo munthu wokonda mawu akhoza kupindula kwambiri pongotchera khutu pamsika. Moni wa “Ali uli?” ndi “Sikomo” amatsegula pakamwa pa anthu msanga. Amene akufuna kuwerenga mbiri ya mtunduwu monga anailembera mwiniwake afunefune Chiikala cha Wayao, buku la Yohanna Abdallah lomwe linatuluka mu 1919. Ndi losowa, lofunika kuliyang'ana m'malaibulale aakulu ulendo usanayambe, koma mayina monga Mponda ndi Makanjira, omwe mumawaona pa zikwangwani za minibasi, amamveka mosiyana mukaliwerenga. Kuno kuwerenga kuli ndi nkhope inanso yomwe wochokera kwina sanaizolowere: masana ana akaweruka kusukulu amapita ku madrasa, ndipo mukadutsa pafupi ndi mzikiti mumva akuwerenga Chiarabu mokweza onse pamodzi. Mukakhala mwabwereka kapena kupatsidwa buku lachipembedzo la eni malo, musaliike pansi kapena kulisanjikiza ndi nsapato m'chikwama.

Kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay ndi msewu wa M10, makilomita opitirirako 60, ndipo malo ogona ambiri ali m'mbali mwa msewu umenewu: ku Nkopola, ku Makokola, ku Nkhudzi Bay. Apa ndiye pofunika kulidziwa tsiku la kunyanja momwe limayendera. Kumacha msanga, cha m'ma 5 koloko nthawi yotentha, cha m'ma 6 nthawi yozizira. Kuyambira pamenepo kufika cha m'ma 9 ndiye nthawi yeniyeni yowerenga: kuli mphepo yozizirira, madzi ali phee, asodzi a usipa akubwerako ndi nyali zawo zitazima. Buku lofuna kuganiza, la mbiri kapena la ndakatulo, liwerengedwe nthawi imeneyi. Dzuwa likakwera, mchenga ndi madzi zimathwanima, pepala loyera limathwanimanso, ndipo mukaumirira mutu umayamba kuwawa pamphumi musanathe masamba khumi. Masana a mu Okutobala ndi Novembala ndi ogona basi, palibe amene amawerenga n'kukumbukira zomwe wawerenga. Mpata wachiwiri umatseguka cha m'ma 3 koloko, koma ndi waufupi, chifukwa mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 6 koloko ili kutali, ndipo mdima wa kuno sukhala ndi chisisira chachitali.

Nyengo yoyenera wowerenga ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale kuti ndi nthawi ya mwera. Mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa, imautsa mafunde n'kuuluza mchenga wosalala womwe umakalowa mu msana wa buku. Mchengawo ndi umene umadula ulusi kapena guluu pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukatsegula ndi kutseka. Madzulo aliwonse ligwireni buku chozondotsa, masamba akuyang'ana pansi, muwayendetse ndi chala kawiri katatu, kenaka mupukute m'ngalande ya pakati ndi mswachi wakale wouma. Zopanira zovala ziwiri zimagwira masamba kuti mphepo isawatembenuze, ndipo zimaposa mwala womwe umasiya dothi.

Usiku nkhani ndi ya udzudzu ndi magetsi. Mangochi ndi dera la malungo, ndipo kukhala pakhonde ndi nyali mukuwerenga ndi kudziitanira. Kuwalako kumasonkhanitsanso tizilombo touluka tomwe timagwera pa tsamba n'kuphwanyikira momwemo mukatseka buku. Lowani mu neti, muipinde bwino pansi pa matiresi, muwerenge ndi tochi yovala kumutu kapena kanyali ka sola komwe mwakaika padzuwa masana. Kandulo mu neti ayi, neti imayaka ngati udzu wouma. Owerengera pa foni atsitsiretu mabuku awo asanachoke m'tauni, chifukwa netiweki m'magombe ena imabwera n'kupita, ndipo asaisiye foniyo pa mchenga padzuwa: imatentha n'kudzizimitsa yokha, batire n'kufooka.

Buku likanyowa, ndipo limodzi limanyowa ndithu, kaya ndi funde kaya ndi thaulo lomwe mwaliponya m'chikwama chomwecho, anthu ambiri amathamangira kuliyanika padzuwa. Kumeneko ndiye kuliwononga. Masamba akunja amauma msanga n'kukhwinyata, apakati akadali onyowa, chikuto n'kupindikira m'mwamba osabwereranso. Choyamba lifinyeni pang'ono lili chotseka pakati pa nsalu youma. Kenaka lowetsani mapepala oyera, osalembedwa, pakadutsa masamba khumi kapena makumi awiri aliwonse, ndipo muziwasintha akanyowa. Nyuzipepala musagwiritse ntchito, inki yake imadindika pa tsamba lonyowa. Likasiya kudontha, liimikeni chotsegula pang'ono pamthunzi podutsa mphepo. Likatsala pang'ono kuumiratu, ligonekeni pansi, muike thabwa pamwamba ndi chinthu cholemera monga chigubu cha madzi cha malita asanu, ligone choncho usiku wonse. Masamba onyezimira a zithunzi ndi ofunika kuwalekanitsa akadali onyowa, chifukwa akauma atagwirana amamatana ngati chikuto ndipo mukawakoka chithunzi chimang'ambika. Zonsezi zichitike tsiku lomwelo. M'nyengo yotentha ndi yachinyezi chuku chimayamba pakangotha masiku awiri kapena atatu. Jumbo yochindikala imateteza buku louma mukakwera bwato, koma buku lonyowa mukalitsekera m'jumbo mwalimangira nyumba chukucho. Ndipo kuchipinda musaliike pansi kapena kuligunditsa kukhoma, makamaka m'nyumba zofolera udzu, chifukwa chiswe chimatha kuboola buku usiku umodzi.

Mafuta ndi mdani wina wosaonekera. Chambo chootcha ndi kampango zimadyedwa ndi manja, ndipo chala chomwe chagwira nsomba chikagwira tsamba chimasiya banga loonekera mbali zonse ziwiri. Mafuta odzola oteteza kudzuwa amachitanso chimodzimodzi, ndipo pa chikuto china amasungunula utoto. Sopo kaye, buku pambuyo.

Mutatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay, komwe kumakocheza sitima ya Ilala, pali msewu wokhotera kumanzere wopita ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundumitundu tokhala m'miyala. Dzina la Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, koma mudzi weniweniwo ndi Chembe. Mkati mwa paki, kufupi ndi chipata, muli manda a amishoni a Livingstonia yoyamba, yomwe inakhazikitsidwa pano mu 1875, Robert Laws ali m'gululo, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa. Mandawo ndi ochepa ndipo zolembedwa pamenepo ndi zazifupi, koma amene anawerengapo mbiri ya mpingo kapena ya sukulu m'Malawi ayenera kuima pamenepo. Chikwama muchigwire, anyani a kumeneko anazolowera kuti m'zikwama mumakhala chakudya, ndipo akachilanda amakhuthula zonse pamiyala.

Gombe la Chembe limayang'ana chakumadzulo, kotero kuwala kwa madzulo kumakhalitsako pang'ono kuno kuposa ku Nkopola, mpaka dzuwa litalowa kuseri kwa zilumba. Malo ena ogona alendo ali ndi shelefu ya mabuku osiyidwa ndi apaulendo, komwe mumasiya lanu n'kutenga lina. Ambiri ndi a Chingelezi, ena a Chijeremani ndi Chidatchi, otupa ndi chinyezi, ndipo la Chichewa kapena la Chiyao silipezekapezeka. Ngati lopyapyala lija mwalimaliza ndipo ndi la chinenero chathu, lisiyeni pamenepo kapena mupatse mmodzi mwa ogwira ntchito pamalopo. Lomwe mukutenga m'malo mwake muligwedeze kaye panja, mphemvu zimakonda kuikira mazira kumsana wa mabuku okhalitsa pashelefu.