Chifuwa chouma ndi utsi wa kambuzi

Sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga za matenda amene mapapo amachita zipsera n'kuuma, omwe madokotala amati pulmonary fibrosis. Chinkandizunguza mutu n'chakuti odwala ambiri amatsokomola tsiku lonse koma osatulutsa kanthu. Ndinadzamvetsa Lachitatu madzulo kwathu ku Chinamwali, pamene achemwali anaponya kambuzi m'mafuta otentha, tonse n'kuthawira pakhonde tikutsokomola, misozi ili mbwee. M'khosi mwathu munalibe chotulutsa ayi. Utsi uja unangokhudza mitsempha.

Chimene chimawawa mu tsabola ndi capsaicin. Pansonga za mitsempha ya m'njira za mpweya pali timakomo totchedwa TRPV1, timene timatseguka tikakumana ndi capsaicin, asidi kapena kutentha kwambiri. David Julius ndi anzake anatulukira kakhomo kameneka mu 1997, ndipo mu 2021 iye analandira nawo mphoto ya Nobel. Kakatseguka, uthenga umakwera ndi mtsempha wa vagus kukafika kutsinde kwa ubongo, kumene kumachokera lamulo lotsokomola.

Ofufuza amapumitsa anthu nthunzi ya capsaicin pang'onopang'ono, n'kumaona mlingo umene munthu wayambira kutsokomola. Odwala matenda a zipserawa amayamba pa mlingo wochepa kusiyana ndi anthu athanzi. M'makhololo awo mumapezekanso nerve growth factor wochuluka, puloteni amene amameretsa mitsempha nthambi zatsopano ndi kuichititsa kudzidzimuka msanga. Apa ndi pamene ndinakhalitsa. Chipsera chimasintha ngakhale mlonda amene amayang'anira njira ya mpweya, moti kamphepo kozizira kotsika m'phiri mu Juni, fungo la sopo, utsi wa mbaula, kuseka kumene, zonse amaziona ngati mdani.

Palinso kukokeka. Zipsera zimakwinya mapapo n'kumakoka timachubu ta mpweya, ndipo mitsempha ina imamva kukokekako. N'chifukwa chake kugwedeza chifuwa cha wodwala chakumunsi, kumene zipsera zimachuluka, kumatha kumutsokomoletsa. Maselo opanikizika amatulutsanso ATP, mankhwala a m'maselo osunga mphamvu, amene amagogoda pa kakhomo kena, P2X3. Mankhwala a gefapixant amatseka kameneka; Japan anawavomereza mu 2022 pa chifuwa chosamva mankhwala, ngakhale amasokoneza kakomedwe ka chakudya m'kamwa.

Powerenga zonsezi ndinkakumbukira bambo ena achikulire amene ndinawaona pa maphunziro a m'wodi. Nditawapatsa moni, anangoti "Ndili bw..." chifuwa n'kuwagwira, dzanja lili pa chitsulo cha bedi. Nditamvetsera kumsana kwawo chakumunsi, ndinamva kuthetheka konga mukamamatula zomatira za nsapato za ana. TB anayezetsa kangapo, osapezeka. Mayi akunyumba kwawo anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, akagona chimaleka, ndiye kumudzi ena amati amachita dala." Tsiku limenelo ndinasowa choyankha, ndipo zimandipwetekabe.

Lero ndikanawayankha. Chifuwa cha matendawa chimachulukadi masana n'kuchepa munthu akagona, popeza m'tulo ubongo sumvera kwambiri mauthenga a mitsemphayi, komanso munthu sakulankhula kapena kuyenda. Ubongowo nawo ukamalandira uthenga womwewo miyezi ndi miyezi umayamba kuukulitsa. Kafukufuku wa ku Britain amene anatuluka mu 2024 anaonetsa kuti morphine wochepa, mamiligalamu 5 kawiri patsiku, amachepetsa chifuwa cha odwalawa, ndipo morphine amagwira ntchito ku ubongo komweko.

Kuno kwathu munthu akatsokomola milungu iwiri timathamangira kuyeza TB, ndipo n'zoyenera. Ine funso limene ndalemba pachikuto cha kope langa ndi la pambuyo pa zotsatira zija: "Bambo, chimayamba mukamatani?" Bambo aja sindinawafunse zimenezo.