Mausiku awiri pachilumba cha Domwe: mmene tinayendera

Ndaphunzitsa za Nyanja ya Malawi kwa zaka zambiri kuno ku Dedza. Ndimajambula mapu pabolodi, n'kuuza ana kuti paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo amtengo wapatali padziko lonse. Koma kugona pachilumba chilichonse cha m'pakimo ndinali ndisanagonepo. Mumtima ndinkangoti zimenezo n'za azungu. Patchuthi cha mu Ogasiti ndinanyamuka ndi mlamu wanga komanso mwana wanga wamkazi wa Folomu 3, tinakagona pa Domwe mausiku awiri. Ndikulemba mmene tinayendera kuti wina wofuna kupita asataye tsiku ndi ndalama pamene ife tinatayira.

Nkhani inayambira pafoni, kutatsala masabata atatu. Ndinkaganiza kuti munthu ukakhala ndi tenti ungofika, kulipira mwini bwato, n'kukakhoma pamene pakusangalatsa. Si choncho. Zilumba 13 za m'pakiyi zili m'manja mwa dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo kugona kumaloledwa pamisasa yovomerezeka yokha. Kuchokera ku Chembe, mudzi umene ambiri amangoutchula kuti Cape Maclear, zilumba zogonapo ndi ziwiri: Mumbo ndi Domwe. Mumbo ili patali, pafupifupi makilomita 10, ndipo kumeneko amakukonzera zonse, chakudya ndi pogona pomwe, motero mtengo wake si wa thumba la mphunzitsi. Domwe ili pafupi, ndipo umaloledwa kubwera ndi tenti yako n'kumadziphikira wekha. Tinasankha Domwe. Poimba foni kwa oyendetsa msasawo ndinafunsa zinthu zinayi zimene ndikulangiza aliyense kufunsa: ngati malo alipo pamasiku amene mukufuna, mtengo wa Amalawi, zimene zili m'khitchini mwawo, komanso ngati ndalama yolowera m'paki ili kale mumtengomo kapena mudzalipira padera. Funso la mtengo wa Amalawi musalichitire manyazi. M'mapaki mwathu nzika imalipira ndalama yocheperako poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja, koma muyenera kunyamula chiphaso chanu cha unzika kuti muonetse.

Katundu tinalongedza pokumbukira kuti pachilumbapo palibe golosale, palibe magetsi, palibe mnansi wokapemphako mchere. Tinatenga ufa, mpunga, mbatata ya kachewere ya konkuno, tomato, anyezi, mafuta ophikira, tiyi ndi shuga. Ndiwo tinati tikagula usipa kugombe. Mlamu anabweretsa kasitovu kake ka gasi, popeza kutola nkhuni pachilumba n'koletsedwa. Tinanyamula madzi akumwa m'chigubu cha malita 20, matochi awiri, neti ya udzudzu, zipewa, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, ndiponso mabulangete, chifukwa usiku wa mu Ogasiti umazizira ngakhale kunyanja. Ndalama tinatenga zogwira m'manja. Mpamba ndi Airtel Money zimathandiza, koma netiweki ikagwa ungaime pamenepo ndi katundu wako yense.

Tinatsika ndi msewu wa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, n'kulowera njira ya ku Monkey Bay. Musanafike m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano yokhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita ngati 18 odutsa m'mapiri kukafika ku Chembe. Amene alibe galimoto amatsikira pamphambanopo kapena ku Monkey Bay n'kukwera matola kapena njinga yamoto. M'njira timakumana ndi anyani atakhala pamsewu, ndipo tinaima pang'ono pa Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope za agogo athu.

Kulakwitsa kwathu kwakukulu kunali nthawi yofikira. Tinanyamuka ku Dedza dzuwa litakwera, tikumati tikafika masana, tiwoloka madzulo, tikagona pachilumba usiku womwewo. Tinafika cha m'ma 2 koloko. Pagombe la Chembe penipeni madzi ankaoneka abwinobwino, chifukwa mapiri a kumbuyo kwa mudzi amatchinga mphepo. Mnyamata woti atiperekeze, mbadwa ya m'mudzimo, anangoyang'ana kutali n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, lero sitiwoloka. Mukuona zoyera zikuphulika ukozo?"

Ndinayang'ana kumene ankaloza. Cha kumpata wopapatiza umene umalekanitsa Domwe ndi mtunda, umene amautcha Ilala Gap, nsonga za mafunde zinkayera ngati thonje.

"Koma achimwene, pafupi pomwepa? Chilumba tikuchionachi?"

"Pafupi ndi pamaso, bambo. Mwera ukalowa pampatapo umachita ngati wathiridwa m'fanulo. Inu mwabwera ndi mwana. Tidzuke mamawa, nyanja ikadali m'tulo."

Ndinawawidwa mtima, chifukwa kugona kumtunda kunali ndalama ina imene sitinaiwerengere. Koma mdala wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo, yemwe ankamva zonse, analowererapo osadzutsa n'komwe mutu: "Mumvereni mwanayo. Ife tinakulira pamadzi pano, koma mwera sitilimbana nawo." Mwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene imaomba kwambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala. Nthawi zambiri m'bandakucha kumakhala bata, kenako dzuwa likamakwera mphepo imadzuka. Masiku ena imaomba usana ndi usiku osapuma. M'nyengo yamvula kumabwera ina yochokera kumpoto, imene asodzi amangoti mpoto, ndipo imeneyo imalowa m'gombe la Chembe mwachindunji. Zonsezi ndinkaziphunzitsa m'kalasi, koma sindinaziike m'mapulani a ulendo wanga. Choncho mukamawerengera masiku, onjezerani usiku umodzi wogona kumtunda, popita kapena pobwerera, ndipo ndalama yake muiike padera.

Madzulo amenewo tinawagwiritsa ntchito kulipira ndalama ya paki. Tinayenda kumapeto kwa mudzi, kumadzulo, cha ku Otter Point, kumene kuli geti. Tinaonetsa ziphaso, tinatchula masiku amene tikhale, ndipo tinalandira risiti. Risitiyo muisunge mujumbo pamodzi ndi foni, chifukwa alonda a paki amayendera zilumba ndipo akhoza kuifunsa. Pafupi ndi pamenepo pali manda a amishonale ena a mishoni yoyamba ya Livingstonia, imene inakhazikitsidwa ndi amishonale a ku Scotland amene anafika mu 1875 pa sitima ya Ilala. Malungo anawasautsa kwambiri, moti mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsira mishoniyo ku Bandawe. Mwana wanga anawerenga zolembedwa pamiyala ya pamandapo mwakachetechete, ndipo kenako anandifunsa ngati neti ija tinaitengadi.

Tinadzuka nkhuku zikulira kachiwiri. Nyanja inali ndii, yosalala ngati mafuta m'mbale. Katundu wolemera, chigubu cha madzi ndi mlamu anakwera boti la injini. Ine ndi mwana wanga tinatenga kayak ya anthu awiri, kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi, mnyamata uja ali m'yake pambali pathu. Asanatilole kukhudza madzi anatimanga majekete oyandamitsa, n'kukoka lamba aliyense kuti aone ngati walimba. Jeketeyo musakane kuvala ngakhale mutakhala katswiri wosambira. Anatiphunzitsa kagwiridwe ka nkhafi ya mitu iwiri: wopepuka akhale kutsogolo, wolemera kumbuyo, wakumbuyo ndiye amawongolera, ndipo mupalase ndi thupi lonse, osati ndi manja okha. Mphindi khumi zoyamba tinkangozungulira, nkhafi zikugundana. Kenako mwana anayamba kuwerenga mokweza, "Modzi, wiri, modzi, wiri," ndipo kayak inawongoka.

Mtunda wake ndi ngati makilomita asanu, ndipo tinatenga ola limodzi ndi theka. Tinkakumana ndi asodzi akubwerera kuchokera kokagwira usipa, maso ali psuu, akutipatsa moni ndi nkhafi. Titayandikira chilumba, madzi anasintha. Pansi panayamba kuoneka miyala ikuluikulu, yoonekera bwino ngati uli pamwamba pa galasi, ndipo mwana wanga anasiya kupalasa n'kungoti, "Ababa, taonani pansi!"

Domwe ndi phiri lotuluka m'madzi, lodzala miyala ndi mitengo, ndipo palibe mudzi. Msasa uli kumbali ya kumadzulo, pakagombe kakang'ono kobisika. Wosamalira msasa anatilandira, anationetsa pokhoma tenti, khitchini, bafa la chidebe chopachika m'mwamba, ndi chimbudzi chosathira madzi. Anatiuza malamulo momveka: osasodza, osadula mtengo, osasonkha moto pamalo osaloledwa, osasambira ndi sopo m'nyanja, zinyalala zonse mubwerere nazo. Chakudya anati tizitsekera, poti anyani a pachilumbapo amadziwa kutsegula chikwama. Pamene tinkatsitsa katundu ndinapeza kuti ufa wanyowa mbali imodzi. Madzi anali atalowa m'boti, ndipo thumbalo linali pansi penipeni mujumbo imodzi yokha. Tinapulumutsa theka. Chilichonse choopa madzi muzichimanga m'majumbo awiri, ndipo chikhale pamwamba pa katundu wina.

Cha m'ma 10 koloko mwera unadzuka monga ananenera mnyamata uja. Tinaumva ukulira m'mitengo ya pamwamba pa phiri, ndipo kutali nyanja inachita mdima. Mlamu anandiyang'ana osanena kanthu.

Chimene chinandifikitsa kumeneko kwenikweni ndi mbuna. Ndinavala magalasi osambirira ndi kapaipi kopumira, n'kugona chafufumimba pamadzi osafika n'komwe m'khosi. Poyamba ndinkameza madzi, koma nditazolowera kupuma ndi kamwa ndinaona zimene ndakhala ndikufotokozera ana popanda kuziona. Tinsomba totalika ngati chala, tabuluu wowala, tachikasu, tamizeremizere, tikubudula ndere pamiyala. Dzina lakuti mbuna linachokera kwa Atonga, ndipo nsombazi moyo wake wonse ndi pamiyala. Sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, n'chifukwa chake chilumba china chimakhala ndi mitundu yake imene chilumba choyandikana nacho chilibe. Ndinayang'anitsitsa kamodzi kabuluu kamene kanali ndi mwala wakewake. Nsomba ina ikangoyandikira, iko kankaithamangitsa n'kubwerera pomwepo. Kenako mwana wanga anandikoka mkono. Panali ina yotupa pakhosi, ndipo titakhala phee inatsegula kamwa n'kulavula tiana ting'onoting'ono ngati njere za mawere. Nditasuntha dzanja, tonse tinathamangira m'kamwa mwa make. Mbuna zazikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata, osadya bwinobwino. Chifukwa cha tinsomba timeneti, malire a paki amalowa m'madzi mamita 100 kuchokera pagombe, ndipo m'chigawo chimenecho kusodza n'koletsedwa.

Apa ndinene maganizo anga. Pazilumba zina, makamaka pa Thumbi, alendo amamwaza buledi m'madzi kuti mbuna zisonkhane, ndipo ena amaponyera nkhwazi nsomba kuti ajambule chithunzi. Ndikumvetsa kuti anyamata a ku Chembe amapezerapo ya sopo, ndipo sindikuwaweruza. Koma ife sitinamwaze kanthu, ndipo nsomba zinabwerabe. Nkhwazi nazo tinaziona zikudzisakira zokha. Ziwiri zinkatera pamtengo wouma pafupi ndi tenti yathu, zikulira mutu utapendekera kumbuyo.

Tsiku lachiwiri tinakwera phiri m'mamawa, kusanatenthe. Njira ndi yotsetsereka ndipo pamafunika nsapato zotseka, osati mapatapata. Tinaona mbira zikuothera dzuwa pamiyala ndi ng'azi yaikulu ikutsetserekera m'madzi. Tili pamwamba ndinafunafuna mapiri akwathu kutsidya la kumadzulo, koma utsi wa moto wa m'tchire unali utaphimba zonse.

Usiku mwezi kunalibe. Titadya nsima ya usipa wofutsa, nyali zinayamba kuyaka panyanja, imodzi, zitatu, kenako mzere wautali ngati tauni yayandama. Wosamalira msasa anatifotokozera kuti ndi asodzi a ukonde wotchedwa chilimira. Msodzi mmodzi, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato la nyali kuti usipa usonkhane pakuwala, kenako anzake amazunguliza ukonde n'kukoka. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikopa nsomba, ndiye ambiri amapuma. Mphepo ikatembenuka tinkamva mawu awo akuitanizana. Mwana wanga anagona mochedwa usiku umenewo, atafunda bulangete pamwala, akuwerenga nyali.

Pobwerera sitinatsutsanenso ndi munthu. Tenti tinagwetsa kukadali mdima, tinatola chilichonse, ngakhale timapepala ta machesi ndi makoko a anyezi, n'kumanga m'thumba limodzi. Dzuwa limatuluka tili pakati pa madzi, ndipo tinafika ku Chembe amayi akuyanika usipa pamathandala. Tinagula ndowa imodzi yopita nayo kunyumba. Mnyamata wotiperekeza uja tinamupatsa kangachepe pamwamba pa mtengo umene tinagwirizana.

Panatsala chinthu chimodzi chimene ambiri amachinyalanyaza akafika kwawo: likodzo. Kumadzi osaya a m'mbali mwa midzi ya kunyanja, kuphatikizapo Chembe, kuli nkhono zimene zimasunga tizilombo ta matendawa, ndipo timalowera pakhungu munthu akamasamba kapena kungoponda m'madzi. Zizindikiro sizibwera msanga, ndipo ena saona chilichonse kwa nthawi yaitali. Ife tinaponda m'madzi a pagombe la Chembe pokwera ndi potsika kayak, choncho ndinalemba tsikulo pakalendala ya kukhitchini. Patatha miyezi iwiri tonse atatu tinapita kuchipatala, tinafotokoza kumene tinali, ndipo atatiyeza kulemera anatipatsa mapiritsi a praziquantel molingana ndi thupi la aliyense. Anatiuza kuti timwe titadya, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire. Tinamwa madzulo a tsiku lomwelo, titatha nsima ya usipa wotsiriza wa mundowa ija.