Za ulendo wathu wa ku Toxteth, Liverpool

Abale ndi alongo amene simunakwanitse Loweruka lija, nkhani yake ndi iyi. Tinakwera sitima ku Manchester kutsikira pa siteshoni ya Lime Street ku Liverpool, kenako basi mpaka Toxteth kumene amati Welsh Streets. Munjira ena amangodandaula kuti tikiti yonseyi kukaona nyumba zomwezi tikukhalamo pa lendi, zogundana makoma ngati malaini a pa esiteti ku Thyolo, kkkk.

Nyumbazi anamanga cha m'ma 1870, pulani anajambula ndi Richard Owens wa ku Wales, omanga ambirinso anali akwawo komweko, nchifukwa misewu yake mayina ndi a ku Wales monga Madryn, Powis, Voelas, Kinmel. Ndiye achimwene athu ena amene kumudzi anali bilidala anatiimitsa pakhoma lina nkumaloza ndi kiyi, akuti taonani, njerwa zina anaika chopingasa mutu kunja kuti khoma ligwirane, ndipo mkatimu mulibe mpata ngati nyumba zamakono, chinyontho chija timalimbana nacho kuseli kwa wodilopu ndi bilu ya gasi ija gwero lake ndi limeneli. Koma njerwa yake aaa, zaka zoposa 140 mvula ikuimenya, kuikanda ndi chikhadabo siigumuka olo pang'ono. Chimbudzi kale chinali panja kuseli, kanjira kakumbuyo kaja timaikamo mabini nkamene ankadutsa otola phulusa la malasha ndi zonyansa.

Chimene chinandikhudza ine nchakuti m'ma 2000 khonsolo inafuna kugwetsa nyumba mazanamazana pamenepa, anthu anasamutsidwa, mawindo kukhomedwa zitsulo kwa zaka, ena amafuna zatsopano ena kukana kwamtuwagalu, mpaka 2015 nduna Eric Pickles anakaniza zogumulazo. Kuyambira 2017 kampani ya Placefirst inayamba kukonza, pano mukukhala mabanja. Nambala 9 Madryn Street ndi pamene anabadwira Ringo Starr wa gulu loyimba la Beatles mu 1940, achinyamata anathera zithunzi pamenepo, mbiri yonseyi analibe nayo ntchito.

Tinamalizira ku Cairns Street, Granby, kumene nyumba ziwiri zimene zinali mabwinja anazisandutsa dimba la mkati, denga lagalasi, mitengo ikukula pamene panali pabalaza. Amayi ena anafunsa ngati angabzalemo chigwada.

Amene simunapereke ya basi muonane ndi msungichuma Lamulungu tikaweruka, ndipo amene muli ndi zithunzi za ku Granby tumizani, foni yanga inazima.